Akupita kuti? Phokoso la pamsika wa osewera ndi gawo la Rumphi

Boma la Rumphi limadziwika ndi fodya, khofi wa m'mapiri a Phoka komanso nyama za ku Nyika. Koma m'zaka zaposachedwa, bomali latchukanso ndi mbewu ina imene siyezedwa pasikelo, yomwe ndi osewera mpira. Gabadinho Mhango, amene chigoli chake cha ku Cameroon chikadali m'maso mwa Amalawi, adabadwira ku Chiweta, m'mbali mwa nyanja. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, omwe mayina awo amamveka ku France ndi ku America, kwawo n'komwekonso ku Rumphi.

Katswiri wotere akatsala pang'ono kutha mgwirizano ndi timu yake, kapena akayamba kukhalitsa pabenchi, dziko lonse limagwa m'funso limodzi: akupita kuti? Mawayilesi amatsegula mafoni kuti omvera apereke maganizo. Pa Facebook pamayenda zithunzi za wosewerayo atavekedwa yunifolomu ya timu imene sadasayine nayo. M'minibasi ndi m'malo ometera, aliyense amakhala ndi mnzake wodziwa zamkati amene wamutsina khutu.

Phokosoli ndi losangalatsa, koma limaphimba nkhani yeniyeni. Chimene chimalamula tsogolo la wosewera si mphekesera ayi, koma pepala la mgwirizano: tsiku limene ukutha, amene ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana, ndi kumene ndalama zikupita. Kwa boma ngati Rumphi, limene limabala osewera koma n'kuwaona akukolola ena, funso lomalizali ndilo lofunika kuposa onse.

Kodi wosewera womasuka ndani?

Wosewera wolipidwa amamangidwa ndi mgwirizano wa zaka zingapo. Malamulo a bungwe la FIFA amati mgwirizanowu usapitirire zaka zisanu, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 18 usapitirire zitatu. Mgwirizano ukadalipo, timu ina yofuna wosewerayo iyenera kudziwitsa timu yake m'kalata isanayambe kukambirana naye, ndipo matimu awiriwo amagwirizana mtengo. Izi ndi zimene anthu amatcha kugula ndi kugulitsa osewera, ngakhale kuti chogulidwacho si munthu, koma nthawi yotsala pamgwirizano wake.

Mgwirizano ukatha, chingwe chimaduka. Wosewerayo amakhala womasuka, amene pa Chingerezi amamutcha free agent. Angathe kupita kulikonse kumene wafuna, ndipo timu yake yakale ilibe mphamvu yotchula mtengo. Lamulo limamulolanso kusayina ndi timu ina kukatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti mgwirizano wake uthe. Ichi n'chifukwa chake mphekesera zimayamba kutentha ligi isanathe n'komwe.

Ufuluwu sudabwere wokha. Mu 1990, wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, adatha mgwirizano ndi timu ya RFC Liège ndipo adafuna kupita ku Dunkerque m'dziko la France. Masiku amenewo timu inkatha kufuna ndalama ngakhale pa wosewera amene mgwirizano wake watha, kotero ulendo wa Bosman udalephereka. Iye adakamang'ala kukhoti, ndipo pa 15 Disembala 1995 khoti lalikulu la maiko a ku Ulaya lidagamula momukomera. Chigamulocho chidakhudza maiko a m'bungwe la European Union, koma chidakakamiza FIFA kukonzanso malamulo a kasamukidwe ka osewera padziko lonse. Bosman mwiniwake sadalemere nacho chigamulocho, popeza zaka zake zabwino zidathera m'makhoti. Amene adadya zipatso zake ndi obwera m'mbuyo, monga Lionel Messi amene adachoka ku Barcelona kupita ku Paris Saint-Germain mu 2021 popanda ndalama yogulira, ndi Kylian Mbappé amene adalowa Real Madrid mu 2024 mwanjira yomweyo.

Pali njira inanso imene wosewera angamasukire, yomwe osewera ambiri a m'chigawo chino cha Africa ayenera kuidziwa. Timu ikalephera kumulipira miyezi iwiri, iye angathe kuilembera kalata yoipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire. Ikapanda kutero, ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano. Koma wosewera wothawa mgwirizano popanda chifukwa chovomerezeka akhoza kulipitsidwa chindapusa komanso kuletsedwa kusewera kwa miyezi inayi.

Usiku umene udasintha kalengezedwe

Ngakhale ufuluwu ndi wakale, mwambo wosandutsa chiganizo cha wosewera kukhala chionetsero cha dziko lonse udakhwimira m'masewero a basketball ku America. M'ligi ya NBA, wosewera wachinyamata sasankha timu yake yoyamba. Matimu ndiwo amasankhana osewera motsatana, ndipo amene adachita moipa chaka chathacho amakhala ndi mwayi waukulu woyamba kusankha. Wosewerayo amadikira zaka zingapo kuti adzakhale ndi ufulu wodzisankhira yekha. N'chifukwa chake tsiku limene katswiri wamasuka limakhala lalikulu kwambiri kumeneko.

LeBron James adabadwira mumzinda wa Akron m'chigawo cha Ohio, ndipo mu 2003 adasankhidwa koyambirira ndi timu ya m'chigawo chomwecho, Cleveland Cavaliers. Adasewerako zaka zisanu ndi ziwiri, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi mu 2009 ndi 2010, koma chikho sadachigwire. Mgwirizano wake utatha pakati pa 2010, matimu asanu ndi limodzi adatumiza akuluakulu awo ku Cleveland kukamunyengerera: New Jersey Nets, New York Knicks, Miami Heat, Los Angeles Clippers, Chicago Bulls ndi Cavaliers yomweyo. Kwa masiku angapo, manyuzi a ku America sadali ndi nkhani ina yoposa imeneyi.

M'malo mongolemba chikalata, James adagwirizana ndi kanema wa ESPN kuti alengeze chiganizo chake anthu akuonera. Pulogalamuyo, yotchedwa The Decision, idaulutsidwa pa 8 Julayi 2010 kuchokera ku Greenwich m'chigawo cha Connecticut, ndipo anthu pafupifupi 10 miliyoni adaionera. Wofunsa mafunso, Jim Gray, adazungulira ndi mafunso ena kwa nthawi ndithu asanafike pa funso limene aliyense ankadikira. Pomaliza James adanena kuti akupita ku Miami Heat, kumene akakumane ndi Dwyane Wade ndi Chris Bosh.

Ku Cleveland kudali maliro osaika. Ochemerera ena adawotcha majezi a James pamsewu. Mwini timuyo, Dan Gilbert, adalemba kalata yaukali yomunena kuti ndi wachinyengo, ndipo akuluakulu a NBA adamulipitsa chindapusa cha madola 100,000. Pulogalamuyo idapezetsa ndalama zoposa madola 2 miliyoni zothandizira mabungwe a ana a Boys & Girls Clubs, koma ndi ochepa amene adakumbukira zimenezo. Chimene chidawawa anthu sichidali kuchoka kokha, koma kumva uthengawo pakanema limodzi ndi dziko lonse.

James adatenga zikho ziwiri ku Miami, mu 2012 ndi 2013. Pobwerera ku Cleveland mu 2014 sadaitanenso makamera, koma adalengeza kudzera m'nkhani yolembedwa modekha m'magazini ya Sports Illustrated, ndipo mu 2016 adapatsa mzindawo chikho chake choyamba cha NBA. Komabe njira imene adatsegula siyidatsekeke. Kevin Durant adalengeza yekha pa intaneti mu Julayi 2016 kuti akuchoka ku Oklahoma City Thunder kupita ku Golden State Warriors. Mu 2018 wosewera mpira wamiyendo wa ku France, Antoine Griezmann, adatulutsa filimu yonse pofuna kungonena kuti sakuchoka ku Atlético Madrid, koma patangotha chaka adapita ku Barcelona.

M'dziko muno basketball siyidafike pokopa chidwi chotere, ngakhale matimu ngati Bravehearts ya ku Lilongwe ayamba kuoneka m'mipikisano yodzigulira malo mu Basketball Africa League. Phokoso la mtunduwu Amalawi amalimva mumpira wamiyendo, koma kapangidwe kake n'kamodzimodzi.

Ng'oma imeneyi amaiomba ndani?

Mphekesera za pamsika wa osewera sizigwa kumwamba ngati mvula. Pafupifupi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi chimene akufuna.

Woyamba ndi woyimira wosewera, amene ambiri amamutcha ejenti. Malipiro ake amadalira kukula kwa mgwirizano umene wapezera wosewera wake. Akanong'oneza mtolankhani kuti matimu atatu akulimbirana mnyamata wake, timu imene ikukambirana naye imachita mantha n'kuwonjezera ndalama. Matimu atatuwo akhoza kukhala oona, kapena akhoza kukhala kuti adangofunsa za wosewerayo pafoni kamodzi.

Yachiwiri ndi timu. Timu ikadziwa kuti katswiri wake akuchoka, imafuna ochemerera akwiyire wosewerayo osati akuluakulu ake, kotero imatulutsa mawu oti iye akufuna ndalama zosayenera. Timu yofuna kugula nayo imapindula dzina lake likamamveka limodzi ndi la katswiri, chifukwa zimaonetsa ngati ili ndi chuma ndi masomphenya, ngakhale m'thumba muli mbee.

Achitatu ndi ofalitsa nkhani. Ligi ikakhala patchuthi, masamba a zamasewero amafunikabe kudzazidwa, ndipo nkhani ya wosewera amene sadalengeze kumene akupita imatha kulembedwa tsiku lililonse popanda kutha. Pa intaneti zinthu zidafika pena, popeza tsamba limapeza otsatira ndi otsatsa malonda malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene alitsegula. Mphekesera yabodza ndi nkhani yoona zimabweretsa anthu ofanana, ndipo kawirikawiri yabodza ndiyo imathamanga kwambiri. Amene adalosera molakwa salipira kanthu, chifukwa mawa lake anthu amakhala atatengeka ndi mphekesera ina.

Omaliza ndi ochemerera eni ake. Kwa iwo timu si kampani yolemba anthu ntchito, koma ndi mtundu. Wosewera akachoka ku FCB Nyasa Big Bullets kupita ku Mighty Wanderers, kapena kuchoka ku Lali Lubani kupita ku timu ya Maule, ambiri samuona ngati wantchito amene wapeza malipiro abwino, koma ngati mwana wothawa kwawo. Mkwiyo umenewu ndiwo nkhuni zimene ena onse aja amasonkhezera.

Gaba wa ku Chiweta

Moyo wa Gabadinho Mhango pabwalo ukuonetsa bwino kusiyana kwa phokoso ndi pepala. Iye adabadwa pa 27 Sepitembala 1992, adasewera ku Brave Warriors ndi ku Big Bullets, ndipo mu 2013 adapita ku Bloemfontein Celtic m'dziko la South Africa. Adadzera ku Golden Arrows, kenako ku Bidvest Wits kumene adatenga nawo ligi ya 2016/17 pansi pa mphunzitsi Gavin Hunt. Mu 2019 adalowa Orlando Pirates, imodzi mwa matimu okhala ndi ochemerera ambiri m'chigawo chino, ndipo m'chaka chake choyamba adamwetsa zigoli 16 m'ligi, kufanana ndi Peter Shalulile wa ku Namibia pampando wa womwetsa zigoli zambiri.

Zinthu zidatembenuka mphunzitsi Josef Zinnbauer atachoka mu Ogasiti 2021. Pansi pa Mandla Ncikazi ndi Fadlu Davids, Mhango ankaoneka pabwalo mwa apo ndi apo. Kenako kudadza mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon. Pa 14 Januwale 2022 adamwetsa zigoli zonse ziwiri pamene Flames idagonjetsa Zimbabwe 2-1. Pa 25 Januwale, masewero a ndime yachipulula atangoyamba ku Yaoundé, adaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atasuntha pagolo, naponya mpira kuchokera kutali kwambiri n'kugwedeza ukonde. Malawi idagonja 2-1, koma chigolicho chidazungulira dziko lapansi ndipo chidalowa m'gulu la zigoli zopikisana pamphoto ya CAF ya chigoli cha chaka.

Masiku otsatira, Amalawi ndi ochemerera a ku South Africa adadzaza masamba a mchezo ndi mafunso. Munthu womwetsa chigoli chotere angakhale bwanji pabenchi? Bwanji osangochoka? Yankho lidali losavuta, ngakhale silidali lokoma kumva: Mhango sadali womasuka. Adali ndi mgwirizano ndi Pirates, kotero chiganizo sichidali chake yekha. Msika wa Januwale udatsekedwa iye akadali komweko, ndipo adachoka ligi itatha, pakati pa 2022, kupita ku AmaZulu ya ku Durban. Chaka chotsatira adalowa Moroka Swallows, timu imene pofika Disembala 2023 idagwa m'mavuto a malipiro mpaka kulephera kufika pabwalo pamasewero awiri a ligi.

Pali mfundo ina imene onena osewera kuti ndi osakhulupirika saiganizira. Mwa matimu amene Mhango adasewerako ku South Africa, atatu adagulitsa malo awo m'ligi yaikulu: Bidvest Wits mu 2020, Bloemfontein Celtic mu 2021 ndi Moroka Swallows mu 2024. Wits idali itakhala zaka pafupifupi 100. Ngati eni timu angathe kugulitsa dzina, mbiri ndi ochemerera tsiku limodzi, n'kovuta kudzudzula wosewera amene akuyang'ana kumene banja lake lingadye. Zaka zosewera mpira ndi zochepa, ndipo bondo limodzi likhoza kuzithetsa masana amodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Njira ya ana a Chawinga

Ulendo wa Tabitha Chawinga udayambira pamabwalo a fumbi a ku Rumphi kumene ankasewera ndi anyamata, n'kudzera ku DD Sunshine ku Lilongwe. Mu 2014 adapita ku Sweden, ndipo mu 2017 adamwetsa zigoli 26 m'ligi yaikulu ya dzikolo ali ku Kvarnsvedens IK, kuposa wosewera wina aliyense. Adasamukira ku China, koyamba ku Jiangsu Suning kenako ku Wuhan. Ali wa Wuhan adabwerekedwa ku Inter Milan, kumene adatsogola ndi zigoli 23 m'ligi ya Italy ya 2022/23, ndiponso ku Paris Saint-Germain, kumene adakhalanso womwetsa zigoli zambiri m'ligi ya France.

Kubwerekedwa ndi mbali ina imene imasokoneza otsatira mpira. Wosewera wobwerekedwa amavala yunifolomu ya timu ina, koma mgwirizano wake weniweni umakhala ndi timu imene yamubwereketsa. Ochemerera a Inter kapena a PSG akadafuna bwanji kuti Tabitha akhalebe, nthawi yobwereka itatha nkhani inkayambiranso pachiyambi. Mu Julayi 2024 iye adasayina mgwirizano wa zaka zitatu ndi Lyon, timu imene imapikisana kwambiri ndi PSG ku France.

Temwa adatsata mapazi a mkulu wake ku Kvarnsvedens ndi ku Wuhan. Mu 2023 adamwetsa zigoli 63 ku timu yake ndi ku Scorchers, ndipo adathandiza Malawi kutenga chikho cha COSAFA koyamba pogonjetsa Zambia 2-1 mundime yomaliza. Mu Januwale 2024 adalowa Kansas City Current ku America, namwetsa zigoli 20 m'ligi ya NWSL chaka chomwecho, chiwerengero chimene palibe adachifikapo kale, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse.

Chaka chomwecho, mu Ogasiti, ligi ya NWSL ndi bungwe la osewera ake adagwirizana malamulo atsopano. Adathetsa mwambo woti matimu azisankhana osewera achinyamata, adavomereza kuti aliyense wotha mgwirizano akhale womasuka, komanso kuti wosewera asatumizidwe ku timu ina iye asanavomere. Kansas City idadziwa tanthauzo la zimenezi. Kumayambiriro kwa 2025 idawonjezera mgwirizano wa Temwa mpaka 2028. Timu yanzeru siyidikira kuti katswiri afike pa miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ija, chifukwa pamenepo mphamvu zonse zimakhala zitapita m'manja mwa wosewera. Mgwirizano wautali umatseka pakamwa pa amphekesera, ndipo ngati wosewerayo adzachoke usanathe, timu imalandira ndalama.

Ndalama imene siimveka m'phokoso

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pa Rumphi. Malamulo a FIFA ali ndi njira ziwiri zobwezera thukuta la matimu amene adalera wosewera.

Yoyamba ndi chipukutamisozi cha maphunziro. Chimaperekedwa wosewera akasayina mgwirizano wake woyamba wolipidwa, komanso akamasamukira kudziko lina asanapitirire zaka 23, ndipo chimawerengedwa potengera zaka zimene adaphunzitsidwa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 21. Ndalama imeneyi imaperekedwa ngakhale wosewerayo atachoka mgwirizano utatha. Kwa zaka zambiri malamulowa adanena poyera kuti chipukutamisozichi sichikhudza mpira wa amayi, zimene zidasiya matimu olera atsikana ngati Tabitha ndi Temwa opanda chogwira.

Yachiwiri ndi gawo la mgwirizano wa matimu. Wosewera akagulidwa mgwirizano wake usanathe, K5 pa K100 iliyonse ya mtengo wake imapatulidwa n'kugawidwa kwa matimu onse amene adamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Zaka zinayi zoyambirira zimalandira gawo locheperapo, zaka zisanu ndi zitatu zotsatira zimalandira lowirikiza kawiri. Mwachitsanzo, wosewera atagulidwa pamtengo wofanana ndi K1 biliyoni, ndalama yopatulidwa ingakhale K50 miliyoni, ndipo timu imene idamusunga kuyambira zaka 12 mpaka 15 ingalandire K10 miliyoni. Gawoli silitha ndi msinkhu. Limaperekedwa nthawi iliyonse imene wosewerayo wagulidwa kuchoka dziko lina kupita lina, ngakhale ali ndi zaka 30. Kuyambira 2020 limaperekedwanso akagulidwa pakati pa matimu a dziko limodzi, ngati timu imene idamulera ili m'dziko lina. Izi zikutanthauza kuti Mmalawi akagulidwa kuchoka ku Johannesburg kupita ku Durban, matimu a ku Malawi amene adamulera ali ndi gawo lawo.

Tsono apa pali mfundo ziwiri zowawa. Yoyamba ndi yakuti wosewera akachoka ali womasuka, palibe mtengo wogulira, kotero palibenso chogawa. Ndalama imene ikadapita ku timu yakale ndi kwa omulera imathera m'malipiro a wosewerayo, m'ndalama yosayinira ndi m'thumba la ejenti. Ufulu umene ndi wabwino kwa katswiri ndi womwewo umene umaumitsa chitsime cha timu ya kumudzi. Pamene ochemerera akukondwera kuti mwana wa kwawo wapita ku timu yaikulu mwaulere, sadziwa kuti mawu oti mwaulere akukhudzanso bwalo la kwawo.

Yachiwiri ndi yakuti ngakhale mtengo utakhalapo, ndalama imatsata zolembedwa. Wosewera aliyense ali ndi chiphaso chosonyeza matimu onse amene adalembetsedwako kuyambira zaka 12. Kuyambira Novembala 2022, FIFA ili ndi ofesi yapadera yotchedwa Clearing House imene imaona chiphasochi n'kutumiza ndalama kwa oyenera. Koma ofesiyi imangoona matimu olembetsedwa ku bungwe la mpira la dziko lawo ndi osewera olembetsedwa m'matimuwo. Mnyamata amene adasewera zaka zinayi ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Chiweta m'timu yosalembetsedwa ku Football Association of Malawi, pachiphaso chake zaka zimenezo zimakhala zopanda kanthu. Mphunzitsi amene ankamugulira nsapato ndi kumulipirira thiransipoti alibe poyambira kudandaula.

Boma la Rumphi likudziwa kuwawa kwa kusowa ndalama mumpira. Rumphi United idalowa mu TNM Super League mu 2022 koma idatuluka chaka chomwecho. Timu ya m'boma lakutali imayenda maulendo ataliatali kukasewera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo osewera ake abwino amatengedwa msanga ndi matimu a m'mizinda. Kwa timu yotere, ndalama zochepa zochokera kwa wosewera mmodzi amene adapita kunja zikhoza kulipira maulendo a miyezi ingapo. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati dzina la mwanayo lidalembedwa tsiku limene adayamba kusewera, osati tsiku limene watchuka.

Kusefa mphekesera

Wowerenga sangaletse phokoso, koma angathe kulisefa ndi mafunso ochepa. Kodi mgwirizano wa wosewerayo ukutha liti? Ngati kwatsala zaka ziwiri, nkhani yoti wasankha yekha timu ina ndi yoperewera, popeza timu yake iyenera kuvomera. Kodi msika ndi wotsegula? Wosewera wokhala ndi mgwirizano amalembetsedwa ku timu yatsopano m'nyengo ziwiri zokha pachaka. Kodi nkhaniyo yachokera kwa ndani, ndipo iye apindula chiyani anthu akaikhulupirira? Kodi matimu onse awiri alengeza? Wosewera wopita kunja sangasewere mpaka bungwe la mpira la dziko limene akuchokera litatumiza chikalata chomumasula, kotero chithunzi cha pabwalo la ndege si umboni wokwanira.

Makolo ndi aphunzitsi a ana aluso ali ndi mafunso awo olemera kuposa amenewa. Munthu wobwera ndi malonjezo a ku Ulaya ayenera kuonetsa chiphaso cha FIFA, chifukwa kuyambira 2023 ejenti amafunika kukhala nacho. Pepala lililonse liwerengedwe ndi wodziwa malamulo lisanasayinidwe, ndipo wosewera asunge lake. Kusayina ndi matimu awiri nthawi imodzi, kumene kwagwetsa m'mavuto osewera ambiri achinyamata, kumayamba ndi chisangalalo cha tsiku limodzi ndi kusawerenga. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mhango ndi ana a Chawinga adzasamukanso kapena adzapachika nsapato, ndipo mawayilesi adzatsegulanso mafoni. Pamene dziko lidzakhale likukangana za kumene katswiri akupita, m'mabwalo a sukulu za ku Hewe, ku Bolero ndi ku Livingstonia mudzakhala mwana wa zaka 12 akuthamangitsa mpira wachikulunga. Ngati timu yake idalembetsedwa ndipo dzina lake lili m'kaundula wa FAM, tsiku lina Rumphi idzalandira gawo lake. Ngati sizili choncho, bomali lidzangomva dzina la mwana wake pawayilesi monga wina aliyense.